Akavomera ngozi koma n'kukana bala: mikangano ya kukula kwa kuvulala pantchito

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani ya chipukuta misozi imathera pa funso limodzi, loti kodi munthuyu anavulaladi ali pantchito. Bwana akavomera, amene analipo akanena zomwe anaona, mafomu akasainidwa, mitima ya achibale imakhala pansi. Koma milandu yambiri yomwe imakoka zaka siyambira pamenepo ayi. Imayamba aliyense atavomera kale kuti ngozi inachitika, tsiku lake likudziwika, malo ake akudziwika. Chomwe amalimbirana ndi malire. Ngoziyo inawononga chiyani ndi chiyani m'thupi la munthuyu? Pa mavuto amene ali nawo lero, ndi ati anabwera ndi ngoziyo, nanga ndi ati anali nawo kale kapena akanabwerabe okha?

Tiyerekeze munthu wa zaka 45 wogwira ntchito yonyamula katundu. Waterereka ali ndi bokosi m'manja, wagwa chagada. Kuchipatala dokotala walemba kuti wabinya minofu ya msana, wampatsa mankhwala opha ululu ndi masiku angapo opuma. Kampani ya inshuwalansi yavomera mosavuta, yalipira. Pakutha pa mwezi ndi theka ululu watsikira m'mwendo, phazi layamba kuchita dzanzi. Amujambula ndi makina a MRI, ndipo apeza kuti disiki imodzi, kakhushoni kokhala pakati pa mafupa a msana, yatuluka m'malo mwake n'kupana mtsempha. Dokotala akuti pafunika opaleshoni. Apa m'pomwe kalata ina imafika. Kalatayo sikana ngozi. Imangoti chomwe tinavomera ndi kubinya kwa minofu basi, za disikizi n'zakale, n'zobwera ndi zaka, ife sizikutikhudza.

Munthuyu sanakanidwe chipukuta misozi, komanso sanathandizidwe. Ali pakati. Ndipo chifukwa kalatayo ili ndi mawu akuti "tinavomera", ambiri sazindikira msanga kuti mlandu wayamba.

Kuti timvetse chifukwa chomwe nkhondo imathera pa thupi la munthu, tibwerere pang'ono kumene malamulowa anachokera. Kale wovulala pantchito ankayenera kusumira bwana wake n'kutsimikizira khoti kuti bwanayo ndiye analakwa. Ochepa okha ndiwo ankapambana. Dziko la Germany, pansi pa mtsogoleri wa boma Otto von Bismarck, linakhazikitsa inshuwalansi ya ngozi za pantchito mu 1884. Britain inatsatira ndi lamulo lake mu 1897, chigawo cha Wisconsin ku America mu 1911, ndipo Ontario ku Canada mu 1914. Mfundo yake inali yosinthana. Wogwira ntchito safunikanso kusonyeza kuti wolakwa ndani. Bola anavulala chifukwa cha ntchito, athandizidwa. Koma m'madera ambiri analandidwa ufulu wosumira bwana wake, ndipo ndalama zomwe angalandire zinaikidwa malire. Funso la wolakwa litachotsedwa, mkangano sunathe, unangosamuka. Unachoka m'manja mwa mboni zoona ngozi n'kulowa m'manja mwa madokotala, chifukwa tsopano ndalama yonse imadalira dzina la bala lomwe lalembedwa pa pepala ndi kukula kwake.

Dzina la balalo limatsegula kapena kutseka zitseko zitatu. Choyamba ndi chithandizo: opaleshoni, mafizo, mankhwala, kujambula, zonse zimalipiridwa pa bala lovomerezeka lokha. Chachiwiri ndi malipiro a nthawi yomwe munthu sakugwira ntchito. Kubinya kwa minofu kumayembekezeka kupola pa milungu yowerengeka, choncho milunguyo ikatha inshuwalansi imanena kuti ngati ukadali kunyumba, chakukhazika kumeneko si ngozi yathu. Chachitatu, chomwe chili ndi ndalama zambiri, ndi chipukuta misozi cha ulumali wosatha, chomwe amachiwerengera m'maperesenti.

Thupi lomwe linali ndi mbiri yake kale

Mikangano yambiri imazungulira pa mawu amodzi: zinalipo kale. Ndipo tisabise, nthawi zambiri zimakhala kuti zinalipodi. Munthu amene wanyamula zolemera, wawerama, wakwera makwerero kwa zaka 20 sakhala ndi msana wa mwana. Ngakhale amene sanagwirepo ntchito yolemetsa thupi lake limatha pang'onopang'ono.

Makina a MRI atafala, madokotala anapeza chinthu chomwe chinasintha nkhani yonseyi. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 1994 m'magazini ya New England Journal of Medicine anajambula misana ya anthu 98 omwe sankamva ululu uliwonse. Mwa anthuwo, 36 pa 100 alionse okha ndiwo anali ndi madisiki abwinobwino msana wonse wa m'munsi. Oposa theka, 52 pa 100, anali ndi disiki yotupa, ndipo 27 pa 100 anali ndi disiki yomwe inali itayamba kutuluka m'malo. Mu 2015 ofufuza ena anasonkhanitsa zotsatira za anthu oposa 3,000 osamva ululu, ndipo anapeza kuti kutha kwa madisiki kumaoneka mwa anthu 37 pa 100 a zaka 20, mwa 80 pa 100 a zaka 50, ndi mwa 96 pa 100 a zaka 80. Paphewa n'chimodzimodzi. Kafukufuku wa mu 1995 anapeza kuti oposa theka la anthu opitirira zaka 60 omwe phewa silinkawapweteka anali ndi minyewa ya paphewa yong'ambika.

Ziwerengerozi ndi chida chachikulu cha makampani a inshuwalansi. Amati, mwaona, chithunzi chosonyeza disiki yotuluka sichitanthauza kuti ngozi ndiyo inaitulutsa. Apa akunena zoona. Chithunzi cha MRI sichilemba deti. Pali zizindikiro zina zomwe zimathandiza, monga kutupa kwa mkati mwa fupa kapena madzi osonkhana, zomwe zimaloza kuvulala kwatsopano, komanso timafupa tomera m'mbali ndi minofu yofota, zomwe zimaloza vuto lakale. Koma nthawi zambiri chithunzi chimasonyeza zonse ziwiri pamodzi, ndipo madokotala awiri oona mtima akhoza kuchiwerenga mosiyana.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ziwerengero zomwezo zili ndi mbali ina imene makalata okana aja saitchula. Anthu onse aja omwe anajambulidwa anali ndi misana yotha, inde, koma sankamva ululu. Ankayenda, ankagwira ntchito. Ndiye ngati munthu anali ndi disiki yotha kwa zaka 10 koma osajomba ntchito, osapita kuchipatala chifukwa cha msana, kenako wagwa Lachiwiri ndipo kuyambira Lachitatu sangathe kuwerama, kunena kuti disikiyo inali yotha kale sikuyankha funso lenileni. Funso ndi lakuti chinasintha n'chiyani. Khoma la ming'alu litha kuima zaka zambiri, koma galimoto ikaliomba n'kugwa, woyendetsa sanganene kuti lagwa chifukwa cha ming'alu.

Malamulo a mayiko ambiri amavomereza zimenezi. Mfundo yake ndi yoti bwana amalemba munthu ntchito monga mmene alili, ndi zofooka zake zomwe. Ngozi ikakulitsa kapena kufulumizitsa vuto lomwe linali chigonere, kukulitsako ndi kuvulala koyenera chipukuta misozi. Mlandu wotchuka pa mfundoyi ndi wa Smith v Leech Brain, womwe unagamulidwa ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Bambo Smith anapsa pamlomo ndi kadontho ka chitsulo chosungunuka ali pantchito mu 1950. Balalo linali laling'ono, koma pamalopo panali kale chiyambi cha khansa chomwe chinali chisanabuke. Kupsako kunaidzutsa, ndipo bamboyo anamwalira patatha zaka zitatu. Woweruza, Lord Parker, anagamula kuti kampaniyo ilipire chifukwa cha imfayo, osati chifukwa cha kupsa kokha, ngakhale anachepetsako ndalama poganizira kuti khansayo ikanatha kudzabuka yokha m'tsogolo. Mlanduwu unali wosumira bwana chifukwa cha kusasamala, osati wa thumba la chipukuta misozi, koma maganizo ake ndi omwewo amene amayendetsa milandu yambiri ya mtunduwu mpaka lero.

Komabe mfundoyi siithetsa zonse, chifukwa imabala mkangano wina. Kodi ngoziyo inawonongeratu malowo, kapena inangodzutsa ululu kwa kanthawi, thupi n'kubwerera pomwe linali? Inshuwalansi imakonda kunena kuti kunali kudzuka kwa kanthawi, kunatha pa miyezi itatu, ndipo zomwe zatsalazi ndi nyamakazi yakale ikuyenda ulendo wake. Wovulala amati chigwereni sindinabwererepo mwakale. Madera ena anasankha kugawa. M'chigawo cha California ku America, chiyambire kusintha kwa malamulo mu 2004, dokotala amayenera kunena kuti pa ulumali wosatha wa munthu, ndi gawo lanji lomwe labwera ndi ntchito ndipo ndi gawo lanji labwera ndi zina, ndipo bwana amalipira gawo lake lokha. Pa pepala zimaoneka zachilungamo. Koma palibe makina oyezera kuti bondo ili 60 peresenti yawonongeka ndi ngozi, 40 peresenti ndi zaka. Ndi kuganiza kwa dokotala kovekedwa manambala, ndipo nambala ikangolembedwa imaoneka yolimba kuposa mmene ilili.

Zobwera pambuyo

Mtundu wina wa mkangano ndi wa mavuto amene ngozi sinawabweretse tsiku lomwelo koma anatsatira. Munthu wathyoka mwendo wamanzere, watsimphina chaka chonse, tsopano bondo lamanja ndi chiuno zayamba kupweteka chifukwa chosenza thupi lonse. Wina ndodo zoyendera zamupweteketsa phewa. Wina bondo lofooka lamugwetsa kunyumba, wathyoka dzanja. Wina mankhwala opha ululu omwe wamwa miyezi yambiri amubweretsera zilonda za m'mimba. Malamulo ambiri amati zotsatira zachibadwa za bala loyamba zimawerengedwa limodzi nalo, pokhapokha ngati pakati palowa chinthu china chodula chingwe, monga ngozi yatsopano yosakhudzana ndi yoyambayo. Ndiye mkangano umakhala pa chingwecho: chikadalipo kapena chaduka?

Povuta kwambiri ndi pa maganizo. Munthu amene ankadyetsa banja ndi mphamvu zake, lero wangokhala, ululu sukumugoneka tulo, ngongole zikuchuluka, sizodabwitsa kuti amadwala matenda a kukhumudwa. Amene anaona mnzake akufa pangozi yomwe iye anapulumuka akhoza kumalota zoopsa n'kumalephera kuyandikira makina aja. Madokotala amadziwa bwino kuti ululu wokhalitsa ndi kukhumudwa zimayendera limodzi, china chimakulitsa chinzake. Koma matendawa alibe chithunzi, ndipo munthu akangowatchula, mbiri ya moyo wake wonse imafukulidwa: banja lake, imfa za abale, kamwedwe kake ka mowa, chilichonse chomwe chingalozedwe chala kuti gwero ndi ichi, osati ngozi. Ambiri amasankha kungokhala chete poopa kufukulidwako, ndipo gawo limenelo la bala lawo sililembedwa n'komwe.

N'chimodzimodzi ndi kugwedezeka kwa ubongo munthu akamenyetsa mutu. Zithunzi wamba zimatha kuoneka zabwinobwino pomwe munthu akuiwalaiwala, mutu ukumuwawa, kuwala kukumusowetsa mtendere. Palinso ululu woopsa wa mitsempha womwe nthawi zina umatsatira bala laling'ono la dzanja kapena phazi, khungu n'kumasintha mtundu ndi kutentha, kungolikhudza munthu n'kukuwa. Palibe kuyeza magazi komwe kumautsimikizira, dokotala amauzindikira poona zizindikiro zake. Pa milandu yotere funso limasanduka loti timukhulupirire kapena ayi.

Manambala amene amagamula moyo

Ikafika nthawi yoti madokotala aona kuti thupi lachira mpaka pomwe lingachire, munthu amayezedwa kuti apatsidwe peresenti ya ulumali wosatha. Tsiku limeneli nalonso amalimbirana, chifukwa m'madera ambiri likafika malipiro a kanthawi aja amaima. Ndipo tsikulo limadalira bala lomwe lavomerezedwa. Ngati ndi kubinya kokha, munthu uja wa bokosi "anachira" kalekale. Ngati disiki ikuwerengedwa, sangakhale atachira pomwe opaleshoni sinachitike.

Pa ziwalo zoduka mayiko ambiri ali ndi mndandanda wokhazikika. Ku Britain kutaya dzanja ndi 60 peresenti, chala chachikulu 30, chala cholozera 14. Apa mkangano umachepa, popeza chala chikaduka aliyense amaona, ngakhale mndandandawo sulabadira kuti chala chomwecho kwa telala ndi ntchito yake yonse pomwe mlonda atha kupitiriza ntchito popanda icho. Koma msana, khosi, phewa ndi mutu sizilowa bwino m'mindandanda. Ku America madera ambiri amagwiritsa ntchito buku la bungwe la madokotala la American Medical Association, lomwe linatuluka koyamba mu 1971 ndipo lakonzedwanso kangapo. Madera samagwiritsa ntchito kope limodzi: ku Texas akhala akutsata lachinayi, ku California lachisanu, kwina lachisanu ndi chimodzi. Munthu mmodzi, bala limodzi, akhoza kupeza manambala osiyana malinga ndi komwe anagwera.

Tione Texas, komwe mkangano wa kukula kwa bala uli ndi malo akeake m'malamulo. Kumeneko peresenti iliyonse imapatsa munthu malipiro a milungu itatu. Malinga ndi kope lachinayi lija, vuto la msana wa m'munsi lopanda zizindikiro zooneka limapatsidwa 0, lokhala ndi zizindikiro zochepa 5, ndipo lomwe latsimikizika kuti lakhudza mtsempha wotsikira kumwendo 10. Ndiye kusiyana kwa mawu awiri pa pepala ndi kusiyana kwa kusalandira kanthu, kulandira milungu 15, kapena milungu 30. Ndipo amene wafika 15 peresenti amatha kupempha malipiro ena owonjezera ngati akulepherabe kupeza ndalama monga kale, pomwe wa 14 chitseko chimenecho n'chotseka.

Mipanda yotere ili paliponse. Ku Britain, pa ngozi zambiri munthu amayenera kufika 14 peresenti kuti alandire ndalama ya boma ya ovulala pantchito. Ku Germany penshoni ya ngozi imayambira pa 20 peresenti ya kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama. Ku South Africa, pansi pa lamulo la mu 1993, wa 30 peresenti kapena kutsika amalandira ndalama kamodzi n'kutha, pomwe wopitirira 30 amalandira penshoni mwezi ndi mwezi. Mukaona maloya ndi madokotala akukangana miyezi pa peresenti imodzi kapena ziwiri, musaganize kuti asowa chochita. Peresenti imodziyo ikhoza kukhala malire a pakati pa ndalama yotha chaka chimodzi ndi chithandizo cha moyo wonse.

Dokotala wa ndani?

Pafupifupi mlandu uliwonse wotere umakhala ndi malipoti awiri otsutsana. Lina ndi la dokotala amene akuchiza wovulalayo. Iyeyu wamuona kambirimbiri, akudziwa mmene ululu wayendera. Koma ntchito yake ndi kukhulupirira wodwala ndi kumuthandiza, osati kumufufuza, ndipo nthawi zina ndi yemweyo amene adzalipidwe opaleshoni ikavomerezedwa. Lina ndi la dokotala wotumidwa ndi inshuwalansi, amene amamuona munthuyo kamodzi, mwina mphindi zochepa, kapena amangowerenga mafayilo osamuona n'komwe. Amatchedwa woima payekha, koma amene amamulipira ndi kumutumizira ntchito ina mawa ndi mbali imodzi ya mlanduwo. Sindikunena kuti madokotalawa ndi abodza. Ambiri amalemba zomwe akukhulupiriradi. Koma kampani imadziwa madokotala amene kawirikawiri amaona ukalamba pomwe anzawo amaona ngozi, monganso maloya a ovulala amadziwa amene amaona mosiyana, ndipo aliyense amatumiza kwa wake.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, madera ena amasankha okha dokotala wachitatu. Ku Texas ofesi ya boma yoona za chipukuta misozi ndiyo imasankha dokotalayo, ndipo zomwe wanena zimatengedwa kuti n'zoona pokhapokha umboni wina wachipatala utazilemera. Mbali ziwirizo zimayamba zakumana pamsonkhano woyesa kugwirizanitsa, zikalephera zimapita kwa woweruza wa ofesiyo, kenako kugulu lomva apilo, ndipo pomaliza kukhoti. Mayina a masitepewa amasiyana dziko ndi dziko, koma ufulu wodandaula ndi wodziwika padziko lonse. Pangano nambala 121 la bungwe la International Labour Organization, la mu 1964, limati wopempha aliyense akhale ndi ufulu wochita apilo akakanizidwa chithandizo kapena akakhala ndi dandaulo pa mtundu ndi kuchuluka kwake. Chofunika kudziwa n'chakuti sitepe iliyonse ili ndi masiku ake owerengeka, ndipo anthu ambiri amaluza osati chifukwa umboni wawo unali wofooka koma chifukwa kalata inakhala m'kabati mpaka nthawi inadutsa.

Woweruza safuna chitsimikizo chopanda chikayiko chilichonse monga pa milandu ya upandu. M'madera ambiri chofunika n'chakuti umboni upendekere mbali imodzi, kuti n'zokhulupirika kwambiri kuti ngozi ndiyo inabweretsa vutoli kusiyana ndi kuti siinatero. Apa kalembedwe ka dokotala kamapha kapena kupulumutsa mlandu. Akalemba kuti "n'kutheka ngoziyo inachititsa", wovulala waluza, pakuti chilichonse n'chotheka. Akangolemba kuti "vutoli labwera ndi ngozi" osafotokoza, lipotilo n'lopepuka. Lipoti lolemera ndi lomwe likulongosola njira yonse: munthu anagwa chotere, mphamvu inadutsa apa, kugwa kotere kumang'amba chakuti, zizindikiro zinayamba tsiku lakuti ndipo zikugwirizana ndi mtsempha womwe ukuoneka wopanidwa pachithunzi, ndipo zaka zam'mbuyo munthuyu sanadandaulepo za malowa. Madokotala ambiri ochiza sanaphunzitsidwe kulembera makhoti, ndipo alibe nthawi. Wovulala amene sanawapemphe lipoti lotere kawirikawiri salipeza.

Pepala la tsiku loyamba

Pa zonse zomwe zimagamula milandu imeneyi, palibe cholemera kuposa zomwe zinalembedwa m'maola ndi masiku oyambirira, pomwe munthu sankaganiza n'komwe za mlandu. Apa m'pomwe chilungamo chimaphonyeka kwambiri. Munthu wagwa kuchokera pamwamba, dzanja lathyoka, fupa likuoneka. Iye, anzake, namwino, dokotala, onse maso ali padzanja. Phewa ndi khosi zikupweteka, koma ululu wa dzanja waziphimba, kenako mankhwala amphamvu aziphimbanso. Pakatha milungu 6 pulasitala yachotsedwa, wayesa kukweza mkono, phewa likukana. Akalinena, yankho limabwera lakuti m'lipoti la ngozi mulibe phewa, m'buku la kuchipatala mulibe phewa, ndiye phewa lachokera kuti?

Palinso ena amene amabisa dala, osati pofuna kunamiza wina koma poopa. Waganyu kapena wa kontirakiti yaifupi amadziwa kuti wodandaula kwambiri saitanidwanso. Amalimba mtima, amabwerera kuntchito msanga, amamwa mankhwala ogula yekha. Miyezi itatu imeneyo yomwe anapirira osapita kuchipatala imadzawerengedwa ngati umboni woti anali atachira. Wina analankhula ndi dokotala m'chinenero chomwe sachidziwa bwino. Wina anafunsidwa kuti "msana unakuvutanipo kale?" n'kuyankha kuti ayi, ataiwala kuti zaka 8 zapitazo anakalandirako mankhwala a msana kamodzi. Fayilo yakaleyo ikapezeka, nkhani sikhalanso ya msana, imakhala yoti munthuyu ndi wabodza.

N'chifukwa chake amene amathandiza ovulala amabwereza malangizo omwewo. Nenani ngozi tsiku lomwelo, ndipo ilembedwe. Tchulani malo alionse amene akupweteka, ngakhale pang'ono, ndipo funsani ngati alembedwa. Fotokozani mmene munagwera mwatsatanetsatane, chifukwa "ndinagwa" ndi "ndinagwera padzanja lotambasula mkono n'kupindikira kumbuyo" ndi nkhani ziwiri zosiyana kwa dokotala wa mafupa. Vuto lakale musalibise, litchuleni n'kunena mmene linalili musanagwe ndi mmene lilili tsopano. Sungani makope a pepala lililonse. Ndipo kalata yovomera ikabwera, werengani bwino kuti avomera chiyani kwenikweni.

Makampani nawo ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zoipa. Thumba la chipukuta misozi si inshuwalansi ya matenda onse a munthu. Likamalipira nyamakazi iliyonse ya ukalamba, ndalama zomwe mabwana amasonkha zimakwera, ndipo mapeto ake akhoza kumazemba kulemba ntchito anthu achikulire. Okokomeza ululu aliponso, ndipo maopaleshoni ena a msana sathandiza, ena amawonjezera mavuto. Kufunsa mafunso si kulakwa. N'chifukwa chake makampani ena amatuma anthu kukajambula wovulala mobisa kapena kuyang'ana zomwe amaika pa Facebook. Nthawi zina amagwiradi wonama. Koma kanema wa mphindi ziwiri wosonyeza munthu atanyamula mwana wake sasonyeza masiku awiri otsatira omwe anagona osadzuka, ndipo munthu wa ululu wokhalitsa amakhala ndi masiku abwino ndi oipa.

Chomwe ine ndimachiona cholakwika kwambiri si kufunsako, koma amene amasenza mtolo pomwe yankho likudikiridwa. Kampani ikadikira chaka, ndalama zake zili m'thumba. Wovulala akadikira chaka, mnyewa wong'ambika wa paphewa umatha kukokeka ndi kufota mpaka kusokanso kumavuta, mtsempha wopanidwa nthawi yaitali umatha kusiya dzanzi ndi kufooka kosatha, ndipo n'zodziwika kuti munthu akakhalitsa osagwira ntchito mwayi woti adzabwerereko umachepa. Inshuwalansi wamba ya zaumoyo, kwa amene ali nayo, imatha kukana ponena kuti izi n'za pantchito, pomwe ya pantchito ikuti izi n'zakale. Mkangano wofuna kudziwa kukula kwa bala umalikulitsa balalo. Madera ena anayesako kuchepetsa vutoli. Ku California bwana amayenera kuloleza chithandizo cha ndalama zofika madola 10,000 pomwe pempho likuunikidwa. Koma thandizo lotere limagwira ntchito poyambirira, pempho lisanavomerezedwe kapena kukanidwa, osati pamene kampani yavomera bondo n'kukana chiuno patapita chaka. Kuona kwanga, pamene madokotala awiri odziwa ntchito asiyana maganizo ndipo kuchedwa kungawononge chiwalo, chithandizo chiziyamba, za amene alipire zizikambidwa pambuyo pakati pa mabungwe omwe ali ndi ndalama zodikirira.

Kutopa kumeneku n'komwe kumafikitsa ambiri pa kugwirizana kunja kwa khoti, komwe malamulo amalola zimenezi. Kampani imapereka ndalama zonse pakamodzi, mlandu n'kutsekedwa. Kwa ena imeneyi ndi njira yabwino, amapumula n'kuyamba moyo wina. Koma mapangano ambiri otere amatseka ndi chithandizo cha m'tsogolo chomwe, ndipo munthu amasaina ali ndi ngongole za chaka chonse, asanadziwe kuti bondolo lidzafuna opaleshoni ina pakatha zaka 10. Pomwe mlandu sunatsekedwe motero, malamulo ambiri amalola kuti munthu ayezedwenso bala likakula. Ku California mwayi umenewu umatha pakadutsa zaka zisanu kuchokera tsiku la ngozi, ndipo kwina nthawi yake ndi yosiyana. Koma kuyezedwanso kumakhudza ziwalo zokhazo zomwe zinalowa m'chigamulo kapena m'panganolo. Ngati pepalalo likuti dzanja lamanja basi, phewa lomwe linakanidwa ndipo munthu sanachite apilo nthawi yake isanathe limakhala kunja, ngakhale litadzafika pokanika kukweza mkono.